Dzino Lam'mwamba

Amuna anga akatafuna nzimbe, zotsalira zake zinkatuluka zofiira. Zaka ndi zaka nkhama zawo zinali zotupa, m'kamwa mukununkha, ine ndinkangowatungira madzi otentha a pa kasupe wa ku Chinyunyu kuti achukuche ndi mchere. Tsiku lina atanena zopita ku kiliniki kukachotsa dzino, ndinawakalipira kwambiri. Kwathu aliyense amadziwa kuti ukazula dzino lam'mwamba maso amachita khungu. Ndine ndinawauza zimenezo, ndi pakamwa panga pomwe pano, kangapo konse.

Amuna angawo anagwa m'munda nthawi yopalira, atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Ku chipatala cha ku Rufunsa anawatsitsimutsa, natitumiza ku Lusaka. Kumeneko ba dokotala atayeza mtima ndi magazi, anawatsegula pakamwa, nkuyang'ana mano.

"Mayi, magazi akuonetsa kuti m'thupi muli kutupa kwa nthawi yaitali," anatero. "Tizilombo ta m'nkhama timalowa m'magazi, ndipo tingathe kuvutitsa mitsempha ya mtima. Sindikuti ndi mano okha, fodyanso alipo. Koma mano awiri am'mwambawa aola, achoke."

Amuna anga anakana pomwepo. Tinabwerera kumudzi ndi mapilitsi, mano ali momwemo.

Ndinachonderera, ndinatukwana, ndinagwada pansi ngati mwana. Ndinati, "Atate ake a ana, zija ndinkanena zinali zabodza, ine sindinaphunzire." Iwo ankangoyankha mwa phee, "Amake ana, ndinu munandiphunzitsa. Mtima wodwala, nkuwonjezanso khungu? Mufuna muzinditsogolera ndi ndodo?" Ndinali ndi mantha osaneneka. Akayenda kuchoka pakhonde kufika pa nkhokwe ankaima kawiri kuti apume.

Nanenso ndinali ndi dzino lam'mwamba logwedera. M'mawa wina ndinakwera minibasi osatsanzika, ndinakapempha ku kiliniki kuti alizule. Ndinabwera nalo nditalimanga pa msonga ya chitenje, thonje lili mkamwa, nkuliika m'dzanja lawo.

"Onani. Ndikukuonani bwinobwino. Malaya anu mwavala mopotoza mabatani."

Analitembenuza dzinolo, nandiyang'ana m'maso nthawi yaitali. Ndinaona kuti mtima wawo wafewa, ndipo ndinati basi, ndapambana.

"Khungu silibwera tsiku limodzi," anatero. "Tidikire mwezi. Mukamaonabe, ndidzapita."

Mwezi! Ndinafuna kuwamenya ndi mpini wa khasu. M'malo mwake, tsiku lililonse ndinkakhala patsogolo pawo nkulowetsa ulusi pa singano, iwo akuonerera. Ankagwedeza mutu nkunena kuti, "Mawa tione."

Anamwalira sabata yachitatu, masana, atakhala pa mpando wawo pansi pa mango. Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi. Sindikudziwa ngati kuzula mano kukanawapulumutsa, ba dokotala sanalonjeze zimenezo. Ine ndakalamba tsopano, miyendo ikukana, makutu akugontha. Koma ulusi ndimalowetsabe pa singano kamodzinkamodzi, popanda magalasi.