Laimu pa Khoma la Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinagwira bulashi koyamba, ndipo ntchito yanga yoyamba ndi bulashiyo inali yofufuta. Anthu amene amagula zithunzi zanga masiku ano akandifunsa kumene ndinaphunzira kujambula, ndimangoseka n'kuwayankha kuti kwathu ku Thyolo. Zotsalazo sizikambika munthu uli chiimire pamsika, n'chifukwa chake ndati ndizilembe.

Tinkakhala kumalayini a esiteti ina ya tiyi, m'mbali mwa mtsinje wa Nsuwadzi. Kutsidya kwa mlatho kunali katauni kathu, kamene aliyense ankangokatchula kuti Pamlatho. Kanali ndi magolosale ochepa, telala wapakhonde, chigayo chimene chinkatsokomola ngati nkhalamba, ndi azimayi ogulitsa nthochi, makaka ndi kalongonda. M'mawa nkhungu inkakuta minda yonse, moti anthu opita kukathyola tiyi unkangowamva mawu osawaona. Masana mphepo inkabweretsa fungo la masamba kuchokera kufakitale, ndipo ife ana tinkasambira kumunsi kwa mlatho mpaka milomo kutuwa. Panthawiyo ndinkaganiza kuti dziko lonse limanunkhira tiyi.

M'nyumba mwathu tinalimo awiri, ine ndi amayi. Bambo anapita ku Limbe kukafuna ntchito ine ndikukwawa, ndipo zikuoneka kuti akuifunabe. Amayi ankathyola tiyi, dengu kumsana kuyambira m'mamawa, ndipo ntchitoyo ndi imene inatipatsa pogona. Nyumba ya kumalayini imayendera ntchito. Munthu akasiya, akachotsedwa kapena akamwalira, banja lake limatuluka, ndipo lamulo linali lakuti otulukawo apake laimu makoma onse kuti wolowayo apeze poyera. Lamuloli ndinkalidziwa monga momwe mwana amadziwira kuti kuli imfa, ngati nkhani ya kunyumba za ena.

Chaka chilichonse Khirisimasi ikamayandikira, azimayi ankatsikira kumtsinje kukakumba dothi lozirira nyumba. Mtsiro wakuda unkapezeka kudambo, katondo wofiira pagombe logumuka, ndipo dothi loyera linali pansi penipeni pa mlatho, pamalo oterera pamene ndinagwapo kangapo anzanga n'kumandiseka. Azimayi ambiri ankazira khonde n'kujambula timaluwa kunja kwa khoma, mvula ya Januwale n'kudzatsuka zonse. Amayi anga ankati iwo sagwirira ntchito mvula. Ankajambula m'kati, pakhoma lalikulu loyang'anizana ndi chitseko, ndipo sankafufuta za chaka chatha, ankangowonjezera.

Pakhoma limenelo panali Pamlatho yense. Mtsinje wakuda unkakhotakhota kuchokera kudenga mpaka pafupi ndi mphasa imene tinkagonapo. Panali mlatho, chigayo, mitengo ya nthochi, nkhanga yamawanga oyera, ndi mzere wa azimayi ofiira atabereka madengu. Ankajambula ndi zala, chiguduli cha chitenje, ndi kamtengo kotafuna kunsonga. Ntchito yanga inali yoima kumbuyo kwawo nditanyamula beseni la dothi, manja akuwawa, ndikudandaula kuti anzanga akusewera fulaye.

Chaka chomalizacho amayi anayamba kutsokomola mwezi wa Okutobala. Chakudza sichiimba ng'oma: tinkati ndi fumbi la chilimwe. Anawonda mpaka chitenje kumawazungulira kawiri, koma kumunda sanajombe, chifukwa ankadziwa kuti akagona, nyumba ipita. Khirisimasi itayandikira sanathe kutsikira kumtsinje, ndipo dothi ndinakakumba ndine. Tsiku limenelo anajambula kanthu kamodzi kokha, kamtsikana kataima pamlatho, beseni lili m'manja.

“Ameneyu ndiwe, Felesiya,” anatero.

“Nanga mutu waukulu chonchi bwanji, amama?”

“Ine ndimajambula zimene ndikuona,” anayankha, n'kuseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Atapuma ndinawafunsa kuti iwo ali pati pakhomapo. Anati manja atopa, adzadzijambula chaka chamawa. Anamwalira mwezi wa Malichi, tiyi ali wobiriwira kwambiri.

Maliro atatha, amalume anga a ku Thekerani anatsalira kuti anditenge ndikakhale nawo. Katundu wathu anakwana m'matumba awiri. M'mawa wa tsiku lonyamuka kunabwera akapitawo, amene ankayang'anira gulu la amayi kumunda, atanyamula chidebe cha laimu ndi bulashi. Anavula chipewa pakhomo, n'kulankhula akuyang'ana pansi kuti banja lina likulowa mawa lake. Sanali munthu woipa, ndipo pamaliro anasenza nawo bokosi. Anasiya chidebecho pakhonde n'kuchoka msangamsanga.

Amalume ataviika bulashi, ine ndinathamanga n'kukaima chotsamira khomalo, manja nditatambasula. Ndinali mwana wamakani kuyambira kale, ndipo tsikulo makani anga anafika pachimake. Ndinawauza kuti akafuna apake ine ndemwe.

“Iwe mwana, choka apo,” anatero amalume. “Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Ukufuna anthu atinene kuti tasiya nyumba yakuda?”

Sindinasunthe. Anandigwira mkono kuti andikoke, ine n'kukuwa mokweza moti agalu a kumalayini anayamba kuuwa. Amene anamva kukuwako ndi amake Dalitso, a nyumba yoyandikana nafe, amene ankathyola tiyi mzere umodzi ndi amayi. Analowa manja ali ndi thovu la sopo.

“Achimwene, tatulukani kaye mukapume pamthunzi,” anatero. “Lole yodzakutengani sinafike. Mwanayu ndisiyireni ine.”

Amalume atatuluka, mayiyo sanandinyengerere, komanso sanandinamize kuti khoma likhala. Anakhala pansi, n'kundikhazika pambali pawo.

“Khomali sitinganyamule, mwanawe, ndi la eni ake. Koma maso uli nawo, ndipo ndi ako. Yang'ana. Yamba pamwamba.”

Anandiuza kuti ndiyendetse chala pa chinthu chilichonse. Ndinatsata mtsinje kuchokera kudenga, ndinakhudza mawanga a nkhanga limodzi limodzi, ndinapeza malo amene chala cha amayi chinaterereka n'kusiya chidindo pa denga la chigayo. Kenako anati nditsinzine ndiwauze zimene zili pakhomapo. Ndikalakwitsa ankati, “Ayi, nthochi zili kumanzere. Tsegula, uonenso.” Tinachita zimenezi mpaka dzuwa linalowera pakhomo n'kufika pamiyendo yathu, ndipo ndinanena zonse osaphonya.

Pamenepo anatola bulashi ija n'kundipatsa. Ndinabisa manja kumbuyo.

“Paka wekha,” anatero. “Akapaka amalume ako, udzadana nawo moyo wako wonse, ndipo ndi okhawo amene watsala nawo.”

Ndinapaka. Amene anapakapo laimu akudziwa kuti akakhala wonyowa saphimba kanthu, amangooneka ngati madzi a mpunga. Nditamaliza, mlatho unkaonekabe, azimayi a madengu ankaonekabe, ngakhale kamtsikana kamutu waukulu kaja. Ndinaganiza kuti dothi la amayi lapambana, ndipo ndinatsala pang'ono kuseka. Koma laimu amayera akamauma. Ndinaima pamenepo ndikuona azimayi aja akuzimirira mmodzimmodzi ngati alowa m'nkhungu, ndipo pamene lole inkaliza hutala kumsewu, khoma linali mbee. Apo ndi pamene ndinalira kulira kumene sindinalire kumanda.

Amake Dalitso sananame. Khoma lija ndinapita nalo ku Thekerani, ndipo ndili nalo mpaka lero. Ndinalijambula m'makope a kusukulu mpaka kukwapulidwa. Nditakula ndinayamba kulemba zikwangwani za magolosale ndi malo ometera pa Luchenza, kenako n'kumajambula pansalu ndi penti. Anthu amakonda zithunzi za Pamlatho, makamaka amene anakulira m'maesiteti n'kusamukira m'tauni. Amalume ndinawasamala mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo sitinakanganepo za laimu.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi ankandithandiza kulongedza zithunzi zoti ndipite nazo ku Blantyre. Anaziyala pansi, n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

“Amama, awa ndi agogo eti? Nanga bwanji paliponse atifulatira?”

Ndinayang'ana, ndipo zinali zoona. Pachithunzi china amayi akukumba dothi atawerama, pena akulowa m'munda dengu lili kumsana, pena aima pakhoma dzanja lili m'mwamba. Usiku sindinaudikire, ndinatenga nsalu yatsopano masana omwewo kuti ndijambule nkhope yawo. Inatuluka ya amake Dalitso. Ndinayesanso, inatuluka yanga. Chithunzi cha kamera amayi sanajambulitsepo, ndipo amene akanandiuza kuti mphuno sinali choncho onse anapita.

Msana wawo ndimaudziwa bwino lomwe: mfundo ya mpango pankhongo, zipsera za zingwe za dengu pamapewa, phewa lamanja lotsika pang'ono. Ndi zimene mwana woima kumbuyo ndi beseni amaona. Lero ndikumvetsa kuti kuyang'ana ndi ntchito, ndipo chimene sunachiyang'ane mwadala chimakuthawa ngakhale unkagona nacho mphasa imodzi. Khoma lija linali ndi tsiku lake lodziwika, ndiye panapezeka munthu wondikhazika pansi kuti ndiliyang'ane bwino lisanapite. Za amayi palibe anandiuza, ndipo ine ndinkaona ngati nkhope yawo ndidzaipeza mawa lililonse ndikadzuka. Ndinasunga chilichonse chimene manja awo anajambula, mpaka mawanga a nkhanga, koma mdzukulu wawo akandifunsa kuti agogo ankaoneka bwanji, ndilibe choti ndimuonetse.