Tsiku Lomwe Ndinatentha Zinyalala ku Doha

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi, omwe anali namwino ku Doha, ananditenga ku Zomba kuti ndizikakhala nawo. Kwathu ku Chinamwali, Loweruka lililonse ndinkasesa pabwalo, kuunjika zinyalala n'kuziyatsa moto. Ntchitoyi ndinkanyada nayo kwabasi.

Loweruka langa loyamba ku Rawdat Al Khail, dera lomwe tinkakhala ku Doha, amayi anali pa shifiti. Ine ndiye ndati ndiwasangalatse. Ndinatola majumbo, mabotolo apulasitiki ndi makatoni, n'kukaziyatsa kuseri kwa fulati yathu, pafupi ndi magalimoto a anthu. Utsi wakuda bii unakwera khoma, fungo lake lokanda pakhosi. Kenako alamu inalira nyumba yonse.

A Banda, mlonda wa pamalopo yemwe kwawo kunali ku Dedza, anabwera akuthamanga ndi chozimira moto.

"Mwana iwe, wapenga? Ukufuna amayi ako awakweze ndege?"

Manijala wa nyumbayo anatulukira, foni ili m'manja, akukuwa kuti, "Police, khalas!" kutanthauza kuti basi, akuitana polisi. A Banda anamugwira mkono, akumuchonderera kuti adikire kaye mayi wa mwanayo. Amayi anafika ali mu yunifomu, thukuta lili kamukamu, ndipo sanandiyang'ane n'komwe. Anapepesa, anapepesanso. Ndinali ndisanawaonepo akuopa munthu. Manijala uja anatiyang'ana nthawi yaitali, chala chili pa foni, kenako anaibweza m'thumba.

Titalowa m'nyumba ndinadikira chikwapu, koma sichinabwere. Ndinayamba kulira ndekha.

"Komatu amayi, kwathu timatentha, palibe amalankhula!"

"N'zoona," anatero amayi. "Nanga ana aja ankabwera kuchipatala akubanika ndili namwino ku Zomba, ukuganiza ankapuma utsi wa kuti? Kwathu kumangosowa woimbira polisi, basi."

Kunena zoona, tsiku limenelo ndinaopa polisi ndi ndege. Utsiwo sindinauganizire n'komwe. Nzeru zinabwera ndikukula. Masiku ano ndikapita ku Zomba n'kuletsa ana kutentha majumbo, azibale amandiseka kuti, "A ku Qatar ayambapo matama awo!" Aseke, ine ndimathirabe madzi motowo. Chomwe chimandiwawa n'chakuti panafunika ntchito ya amayi itsale pang'ono kutha m'dziko la eni kuti ndizindikire zoti zaka zonse zija ndinkatsamwitsa makanda a aneba athu, akuluakulu akundiyamikira kuti ndine mwana wakhama.