Chiwawu m'dimba la apongozi

Chaka chomwe ndinalowa chikamwini ku Lifidzi, apongozi anandidulira kachigawo ka dimba moyandikana ndi kawo. Tonse tinabzala mbatatesi. Yangayo inali yoyamba kulima pandekha chisiyireni sukulu, ndipo mudzi wonse unkadikira kuona ngati mkamwini waukali uja amalithanso khasu.

Kale chiwawu chinali cha dzinja. Mvula ikatha, bomba lopopera mankhwala tinkalipachika kudenga n'kuliiwala. Koma chaka chimenecho nkhungu inakana kuchoka, masamba ankakhala onyowa mpaka dzuwa kufika pamutu. M'mawa wina ndinapeza mizere ya apongozi yada ngati yawauka ndi moto, mphepo ikuwombera kwanga.

Kupopera masamba akufa n'kutaya mankhwala. Pamafunika kumweta zonse zapamwamba n'kukakwirira kutali, kuti zapansi zipulumuke. Koma mkamwini salamula apongozi, ngakhale kuwayang'ana kumaso. Ine amene ndinagwiranapo malaya ndi woyendetsa minibasi ya chapa ku Ulongwe chifukwa cha mpando, ndinaugwira mtima, n'kuimika mkazi wanga pakati pathu.

“Uwauze amayi kuti mbewu yawo yadwala. Imwetedwe lero.”

Iye anatembenuka. “Amayi, akuti kapena mbatatesi yanu ikumva kuzizira pang'ono.”

“Sindinatero ine!” ndinakuwa, mpaka mbalame zinabalalika m'bango.

Apongozi anayankha akuyang'ana kuphiri. “Umuuze mwamuna wakoyo kuti makutu ndili nawo. Dimba ili ndalima chibwerereni kuchokera ku Dedza nkhondo itatha. Chiwawu cha mwezi uno anachiona kuti?”

“Uwauze kuti inenso sindinachionepo. Koma atembenuze tsamba, aone nguwi yoyera kunsiko.”

Apongozi anathyola tsamba, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenaka lina.

“Umufunse, ndikamweta ndidya chiyani?”

“Zikhala zazing'ono, koma zikhalapo. Mbewu ya chaka chamawa adzatenga kwa ine.”

Apa mkazi wanga sanavutikenso kubwereza.

“Iii, mkamwini wa dzulodzuloli wayamba kugawa mbewu!” Apongozi anaseka atatseka pakamwa ndi chitenje. “Kamtengere chikwakwa, asanaphulike.”

Tinamweta tsiku lomwelo, ine n'kupopera mizere yanga. Pokumba, mbatatesi yawo inatuluka ngati mazira a nkhanga, koma yosawola. Yanga inapsa ya m'malire yokha.

Mbewu anadzasankha okha pakhonde panga, imodziimodzi, uku akudandaulira mwana wawo kuti mwamuna wake kulima amatha, koma pakamwa ndiye ayi.