A Chisanu ndi Nyumba Yopanda Mazenera

Bambo anga anali mmisiri wa mafiriji. Dzina lawo lenileni ankalitchula ndi amayi okha, nawonso pokhapokha akakwiya. Ena onse ankangoti a Chisanu, chifukwa firiji yodutsa m'manja mwawo inkaumitsa madzi mpaka botolo kung'aluka. Anali munthu wamtali, wosayankhulayankhula, wa zala zokakala. Pofuna kudziwa chavuta, ankagunditsa khutu pachitsulo, maso ali chitsinzinire, ngati dokotala pachifuwa cha mwana.

Shopu ankayendetsa limodzi ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Kanali kachipinda kakang'ono kuseri kwa sitolo ya nsapato, kodzaza ndi mafiriji akufa osanjikizana mpaka kudenga. Pakhomo pankakhala benchi, silinda ya gasi yomangidwa ndi tcheni, ndi wailesi yopanda chivindikiro. Bambo anali manja a shopuyo, amalume anali pakamwa pake. Anthu anawapatsa dzina loti a Mubweremawa, poti kasitomala aliyense ankalandira yankho lomwelo, koma ankachoka akuseka.

"Alamu, firiji ya mayi uja mwaiyang'ana?" bambo ankafunsa.

"Ikupuma kaye, alamu. Nayonso yatopa ndi kusunga ndiwo za dzana."

Ndili ku sekondale, pamalo pomwe anthu ankatayapo zinyalala kumapeto kwa msewu wathu panafika mathirakitala. Tinamva kuti malowo yagula ndi kampani yaikulu yakunja, ya zamakompyuta ndi intaneti, yokhala ndi nthambi m'maiko ambirimbiri. Panamangidwa chinyumba chotuwa, chachitali, chopanda zenera ndi limodzi lomwe. Ena ankati ndi ndende, ena ankati ndi mosungira mankhwala. Tsiku lotsegulira, nduna inayankhula pawailesi kuti kampaniyi ibweretsa ntchito, misonkho ndi ndalama zakunja, ndipo chuma cha dziko chikwera.

Amalume anatsitsa wailesi. "Alamu, chuma cha dziko chimenechi chikamakwera chimadzera msewu uti? Ndikachidikire pamphambano."

Posakhalitsa kunamveka kuti kampaniyo ikufuna amisiri a makina oziziritsa. Amayi ndi amene anakankha bambo. Amalume anakana kwamtuwagalu.

"Ine ndi imvi zangazi ndizikati inde bwana kwa mwana wobadwa dzulo? Pitani nokha, alamu. Mukatopa mudzandipeza pabenchi pompano."

Bambo anapita, anawayesa, anawalemba. Anayamba kuvala ovololo ya buluu, nsapato zolemera, ndi khadi lolendewera m'khosi lotsegulira zitseko. Miyezi yoyamba ankabwera ndi mabuku okhuthala n'kumawerenga akusuntha chala pamzere uliwonse, milomo ikugwedera. Tsiku lina ndinawafunsa chomwe chili m'chinyumbacho.

"Makompyuta okhaokha, mwanangu, m'makabati aatali kuposa ine, mizere ndi mizere. Munthu mulibe, koma phokoso ngati mvula padenga. Ukatumiza ndalama pafoni, imayamba yadzera mmenemo. Za kubanki zili mmenemo, za masukulu, za boma, ngakhale za maiko oyandikana nafe, amene amalipira kuti awasungire. Makinawo amatentha ngati mbaula. Ine ntchito yanga ndi kuwakupizira."

"Nanga akatenthetsa?"

"Aliyense m'dziko muno angoyang'ana foni yake n'kumatukwana."

Sindinganame, ntchito ija inatisintha. Malipiro ankabwera tsiku lake, osati mawa. Tinasamukira m'nyumba yokhala ndi mpopi mkati. Ine ndinafika ku koleji, woyamba m'banja mwathu, mng'ono wanga ananditsatira. Msewu wathu anauthira phula. Magetsi anasiya kuthimathima chifukwa kampani inakokera mawaya atsopano, ife n'kupezerapo mwayi. Pageti panadzaza amayi ogulitsa zakudya, a njinga zamoto, otsuka magalimoto. Mtsikana wina woyandikana nafe, yemwe anakhala zaka osapeza ntchito, anayamba kugulitsa zovala kudzera pafoni mpaka analemba anzake awiri. Anyamata ophunzira amene kale akanathawira kunja ankapezeka m'minibasi ya m'mawa, zikwama za makompyuta zili pamiyendo.

Koma phula likafika, lendi imabwera pambuyo pake. Mwini nyumba anauza amalume kuti kachipinda kaja akufuna ndi anthu ogulitsa mafoni, okhoza kulipira bwino. Amalume anatuta mafiriji awo akufa pangolo n'kukawaunjika kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa malata akale. Makasitomala anachepa. Anthu anali atayamba kugula mafiriji atsopano olipira pang'onopang'ono pafoni, ndipo yakale ikafa ankangoitaya.

Bambo anayesetsa. Anamva kuti kampani imapereka timaganyu kwa amisiri akunja kwa mpanda, monga kukonza makina a m'maofesi. Anatengera amalume mapepala ake. Koma mapepalawo ankafuna bizinesi yolembetsa kuboma, satifiketi ya ntchito, inshuwalansi. Amalume ntchito anaiphunzira poonera, chikalata chilichonse analibe. Anawayang'ana mapepala aja, anawapinda bwinobwino, n'kuchirikiza nawo mwendo wa benchi.

Mwezi wina bambo anawapatira kenakake m'envulopu. Amalume anaibweza osatsegula.

"Alamu, ine ndinakupatsani mlongo wanga, sindinakupatseni mimba yanga."

Ananena akuseka, koma kuchokera tsiku limenelo kubwera kwathu kunachepa. Akakumana pamsewu ankapatsana moni wautali, wofunsana za ana onse mmodzimmodzi, wa anthu amene akuzemba nkhani ina.

Matenda a shuga anawapeza amalume mochedwa. Chilonda cha kuphazi chinakana kupola. Bambo anali ndi khadi la chipatala cholipira, lochokera kuntchito, ndipo anapita kuofesi kukapempha kuti alembepo alamu awo. Mtsikana wa muofesimo anawalandira mwaulemu, anawapatsa mpando, koma anati khadilo ndi la mkazi ndi ana basi. Bambo anati alipira okha kuchipatala cholipiracho. Amalume anakananso. Anakagonekedwa pa kachipatala ka boma ka m'dera lathu, ndipo kumeneko anamwalira m'mawa wina, mwezi wotentha kwambiri.

Ine ndinali nditabwera kuchokera ku koleji, ndipo ndinali pomwepo ndi amayi ndi akazi awo a amalume. Ana a amalume ankagwira ntchito kutali, ulendo wa masiku. Mayi awo anagwira bambo mkono.

"Alamu, ana anga asadzapeze mulu wa dothi. Adzaone nkhope ya bambo awo."

Tinapita ku nyumba yachisoni, kuseri kwa chipatala. Woyang'anira kumeneko, bambo wamfupi wovala magambuti oyera, anatiimitsa pakhomo. Sanafunikire kufotokoza zambiri, mphuno zinali zitatiuza kale.

"Pepani, makina athu anafa mwezi watha. Tinalemba kalata, tikudikira. Amene angathe akumagula madzi oundana. Koma ndi dzuwa ili, ndikanakhala inu ndikanaika mawa."

Amayi anayamba kulira mokweza. Bambo anazungulira kuseri kwa nyumbayo, komwe kunali makina, anagwada, anamasula chivindikiro pogwiritsa ntchito kandalama kachitsulo, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaimbira kapitawo wawo kuntchito.

"Lero sindibwera. Ndaferedwa. Makina a kumadzulo aja muwayang'anire, ankalira mwachilendo dzulo."

Mkulu wa chipatala poyamba anakana. Anati katundu wa boma sagwiridwa ndi munthu wamba, chikawonongeka adzayankha ndani. Bambo anamufunsa modekha ngati chinthu chakufa chingawonongekenso. Mkuluyo anayang'ana amayi akulira, anayang'ana khadi la kampani lomwe linali m'khosi mwa bambo, n'kunena kuti iye akupita kumsonkhano ndipo sanaone kanthu.

Bambo anakwera njinga yamoto kupita kwa amalume. Pansi pa malata paja panali chifiriji chachikulu cha mubutchala, chimene mwini wake anatopa ndi kuuzidwa kuti abwere mawa mpaka anachisiya. Anachotsamo kompuresa, mtima wa firiji, anatenga silinda ya gasi, mapaipi ndi chikwama cha zida cha amalume, n'kubwerera nazo pangolo.

Anagwira ntchito kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka. Anagona chagada pasimenti yotentha, malaya ali chonyowa, akudula, akuwotcherera, akumanga. Kompuresa ija sinali saizi yake, anachita kuboola mabowo ena. Khoma lokha ndi limene linkawasiyanitsa ndi alamu awo. Woyang'anira uja ankawagwirira ambulera, ndipo ndi amene anadzatiuza pambuyo pake kuti nthawi ina bambo anatambasula dzanja osayang'ana n'kunena kuti, "Alamu, sipanala." Dzanjalo linakhala m'malere kanthawi. Kenako anafufuza okha m'chikwama.

Chakumadzulo makina anatsokomola, anagwedezeka, n'kuyamba kung'ung'udza. Bambo analowa mkati, anaika dzanja pa chitseko chachitsulo, anadikira mpaka chitayamba kuzizira. Atatuluka anakhala pasitepe, anavula nsapato, n'kulira. Ndinali ndisanawaonepo akulira. Sanabise nkhope, ankangolira manja akuda ali pamaondo, anthu odutsa akuwayang'ana.

Ana a amalume anafika, anaona bambo awo, tinaika maliro mwaulemu. Mabanja ena amene abale awo anali m'nyumba ija anapindula nawo, ngakhale ambiri sanadziwe kuti wakonza ndani.

Nkhaniyi inafika kwa akuluakulu a kampani. Bwana wamkulu panthawiyo anali mayi wochokera kunja, ndipo anaitanitsa bambo. Iwo ankaganiza kuti akukadzudzulidwa chifukwa chojomba. Mayiyo anawapepesa, anafunsa mafunso ambiri, n'kunena kuti kampani ili ndi thumba lothandizira dera limene ikugwiramo ntchito. Patapita miyezi, pachipatala paja panafika makina atsopano ndi jenereta. Panakonzedwa mwambo: tenti, mipando yoyera, atolankhani, mlendo wochokera ku unduna. Mlendoyo anayankhula za ntchito zimene kampani yabweretsa, za misonkho yomwe imamanga misewu, za achinyamata amene aphunzira luso. Zonsezo zinali zoona, ine ndinali umboni wake nditakhala pamzere wachitatu.

Kenako anaitana bambo. Anaima ndi ovololo yawo yochapa, akugwira chimkuzamawu ngati chiwawotcha.

"Zikomo chifukwa cha makinawa. Ndi abwino, ndawaona. Koma makina amafuna munthu wowayang'anira, apo ayi chaka chamawa mudzamanganso tenti. Alamu anga anali munthu wotero. Ankakhala msewu womwewu, ndipo anamwalira alibe ntchito. Ndathokoza."

Anthu anaomba m'manja mokayika. M'nyuzipepala munatuluka chithunzi cha mlendo uja akudula riboni, bambo akuoneka phewa lokha.

Chaka chotsatira kampani inatsegula kalasi ya amisiri a m'deralo, ophunzira ntchito poonera, kuti ayesedwe n'kulandira satifiketi, ndiponso kuwathandiza kulembetsa mabizinesi awo. Kaya anali mawu a bambo, kaya zinali kale m'mapulani, palibe anatiuza, ndipo bambo sanafunse. Anawapempha kuti aziphunzitsa Loweruka, iwo anavomera. Ena mwa ophunzirawo anali amsinkhu wawo, odziwa ntchito koma oopa cholembera. Bambo ankakhala nawo pambali mpaka amalize. Mayi wina wa m'kalasi imeneyo ndi amene lero amayang'anira makina a pachipatala paja, ndipo ali ndi galimoto yolembedwa dzina la bizinesi yake.

Bambo anapuma ntchito tsitsi litayera. Chinyumba chija chinawasiyira penshoni, nyumba yawoyawo, ndi makutu ogontha mbali imodzi chifukwa cha phokoso. Mafupa awo amawawa ndi kuzizira kwa zaka zonse zija, moti amavala jekete ngakhale ena tikutuluka thukuta. Akazi awo a amalume amakhala m'kanyumba ka kuseri kwathu. Iwo thandizo la bambo sanalikane.

Mwamuna wanga ndi mphunzitsi, wokonda mtsutso. Tsiku lina masana tili pakhonde anawafunsa, mokweza kuti amve, ngati kampani zakunja zotere zimathandizadi dziko kapena zimangotidyera masuku pamutu.

Bambo anatembenuzira khutu labwino kwa iye, n'kumupempha abwereze. Iye anabwereza.

"Apongozi, dziko ndi lalikulu, ine sindinalione lonse. Ndinaona msewu umodzi. Mkazi wanuyu anaphunzira ndi ndalama za mmenemo. Funsani iyeyo. Kenako mupite kuseriko mukafunse mlamu wanga, mayi wamasiye uja."

Mwamuna wanga anafuna kupitiriza, koma amayi anamuyang'ana, iye n'kumeza mawu. Bambo anakoka jekete pachifuwa n'kufunsa ngati alipo angawasunthire mpando padzuwa.