Makabudula a Timu ya pa Esiteti

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anataya mtanga wothyolera tiyi n'kunena kuti basi, iwo tsopano ndi telala. Inali nthawi ya Chitaganya, ine ndili ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, mano akutsogolo atangomera kumene. Makina osokera anawagula kwa mkulu wina wochokera ku Halale, opukusa ndi dzanja aja, ndipo malo anapempha pakhonde la sitolo ya Mmwenye pa Chonde. Kapitawo wa pa esiteti anawatsanzika mowaseka kuti mtanga wawo awasungira, chifukwa mwezi sukwana abwerera. Mawu amenewo ankawawawa bambo kuposa chilonda, moti ankati bola kudya mapeyala okhaokha chaka chonse kusiyana n'kukauberekanso mtanga uja.

Miyezi yoyamba ntchito inali ya zigamba basi. Ndiye tsiku lina kunabwera a Maliseni, kaputeni wa timu ya mpira ya pa esiteti pomwepo, munthu wamtali wa ntchafu ngati mitondo. Ankafuna makabudula khumi ndi limodzi oyera, oti akavale pa mpira waukulu wolimbana ndi anyamata a ku Thyolo. Bambo anafika kunyumba mapazi osagunda pansi, mpukutu wa melekano uli paphewa. Nsalu imeneyo inkanunkhira usitolo, yolimba ndi sitachi, ndipo ukaigwira inkalira ngati pepala.

Mayi anaisisita n'kunena kuti, "Bambo a Esinati, melekano uyu tiyambe tamuviika kumtsinje. Amabwerera uyu akalawa madzi."

"Nsalu yatsopano n'kuiviika? Ithe kuwala anthu asanaione? Inu dziwani zophika kalongonda, za nsalu musiyire ife amisiri."

Mayi anangopitiriza kusenda chinangwa chawo. Bambo anayeza anyamata onse mmodzimmodzi, nadula mothina bwino kuti aoneke ngati a pachithunzi. Makabudula anatuluka okongoladi, sindinganame. Chimene sanadziwe n'chakuti akazi a a Maliseni, pofuna kuti timu ikawale, anawachapa onse ndi madzi otentha dzulo lake la mpira, n'kuwayanika padzuwa la Okutobala.

Loweruka limenelo bwalo linadzaza. Kumbuyo kwa golo kunali mizere ya tiyi yobiriwira mpaka kuphiri, ndipo amayi ankagulitsa nzimbe ndi zitumbuwa m'mbali monse. Bambo anavala malaya awo oyera a ku tchalitchi, tepi yoyezera ili m'khosi, sizasi ikusuzumira m'thumba, kuti aliyense adziwe. Aliyense amene wawapatsa moni ankamuuza kuti, "Muonetsetse makabudulawo, ndi manja awa." Nanenso ndinkayenda pambuyo pawo nditatukula mapewa.

Anyamata atalowa m'bwalo, ndinaona kuti akuyenda modabwitsa, timasitepe tating'onoting'ono, miyendo yotang'adza. Wezulo italira, a Maliseni anathamangira mpira, nakweza mwendo kuti amenye chamtima bii. Tonse tinamva: kwee! Mpira unapita kwake, kabudula naye anatseguka kuyambira kutsogolo mpaka kumsana. Bwalo lonse linayamba lati zii, kenaka chiphokoso cha phwete chinabuka. Pasanapite nthawi goloboyi anadumphira mpira, kwee! Wina anangowerama kuti achotse minga kuphazi, kwee! Pofika pakati pa chigawo choyamba timu yathu inkasewera ndi dzanja limodzi kumbuyo, ndipo a ku Thyolo ankamwetsa zigoli akugwa ndi kuseka. Mayi wina anavula chitenje chapamwamba n'kuponyera mwamuna wake m'bwalo, iye n'kumanga ngati thewera, mpira n'kumapitirira.

Anthu anayamba kutembenuka kufunafuna mmisiri uja. Achinyamata anayambitsa nyimbo pomwepo, yoti telala wa pa Chonde wasoka ndi malovu. Kapitawo uja ndinamuona akupukuta misozi, akufuula kuti, "Mtanga wanu ulipo, achimwene! Lolemba lomweli!" Ine ndinasuntha pang'onopang'ono mpaka ndinakaima pakati pa anthu osawadziwa. Mayi wina wogulitsa nzimbe anandiyang'anitsitsa.

"Iwe, si iwe mwana wa telalayu?"

"Ayi," ndinatero. "Sindikuwadziwa."

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo manyazi amandigwira. Bambo anali ataima masitepe asanu okha kuchokera pamene ndinali.

Nthawi yopuma itakwana, ndinaona bambo akuchotsa tepi m'khosi n'kumayang'ana kanjira kolowera m'munda wa tiyi. Mayi anga, amene anali nawo pomwepo, anawagwira mkono. Sanawanene kuti safunsa anadya phula, ngakhale mpata unalipo wokwanira. Anangoti, "Mukathawa lero, pa Chonde mudzakhalapo bwanji mawa? Singano muli nazo pa kolala apo."

Bambo anabweza tepi m'khosi. Kenaka anavula malaya awo oyera aja, okhawo abwino amene anali nawo, natsala ndi vesiti yobooka, n'kudutsa pakati penipeni pa bwalo anthu akuwakuwiza. Anakhala pansi pafupi ndi golo n'kuyamba kuwadula malayawo m'timizere. Anyamata anabisala mpaka m'chiuno m'mizere ya tiyi, n'kumaponya makabudula kunja mmodzimmodzi. Bambo ankaika kansalu pakati pong'ambikapo kuti kabudula akule, mayi ndi anzawo awiri akuthandiza kusoka. Woyimbira mpira, amene anali mphunzitsi wathu, anayang'ana wotchi yake n'kuibweza m'thumba. Kupuma kwa tsiku limenelo kunatalika moti ogulitsa zitumbuwa anatsala ndi malichero opanda kanthu.

Chigawo chachiwiri palibe kabudula anang'ambika, ngakhale mmodzi. A Maliseni anamwetsa chigoli, ndipo m'malo mothamangira anzawo anathamangira kwa bambo, natembenuka, nawerama kuonetsa bwalo lonse kuti msoko wagwira. Mpirawo tinaluzabe, koma anthu popita kwawo ankakamba za telala wa vesiti, osati za zigoli.

Lolemba bambo sanapite kukatenga mtanga. Anapita pa Chonde ndi beseni la mayi, nalidzaza madzi, naliika pafupi ndi makina. Aliyense wobwera ndi nsalu ankayamba waiona ikuviikidwa, n'kuuzidwa kuti abwere ikauma. Ena ankabwera kudzangoseka, koma pochoka ankasiya nsalu. Dzina loti a Kwee linawakanirira mpaka ukalamba, ndipo iwo eni ankaliyankha mosangalala. Anasoka pakhonde limenelo mpaka maso atayamba kuchita chidima, ndipo ana awo tonse asanu tinaphunzira sukulu ndi makina omwewo.

Masiku ano pa Chonde zovala zili mulu pansi, za kaunjika, ndipo anyamata a mpira amavala majezi oterera osadziwa n'komwe amene anawasoka. Chovala chikang'ambika amataya n'kukasankha china. Munthu akalakwitsa ntchito pagulu, ambiri amangozimitsa foni n'kusamukira ku Limbe. Kaya ndi ukalamba wangawu, koma ndimaona kuti anthu odutsa pakati pa bwalo akusekedwa achepa.

Bambo atakalamba, tsiku lina ndikuwameta tsitsi pakhonde, ndinalimba mtima n'kuwaululira zimene ndinayankha mayi wa nzimbe uja. Ndinkayembekeza kuti adabwa. Iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndinakumva, Esinati. Ukuganiza kuti malaya aja ndinawadulira a Maliseni? Ndinkafuna kuti pobwerera kunyumba ukhale ndi bambo."