Tsiku Limene Akazi Tinakumba Manda

Ku kompaundi ya esiteti ya tiyi kumene ndinakwatiwira, chakufupi ndi Milonde, munthu ukafa unkasowetsa anzako mtendere. Kumudzi kuli amfumu, kuli adzukulu, kuli manda a makolo ako. Ife ku kompaundi tinali anthu ochita kutoleredwa. Wina makolo ake anachokera kwa Apwitikizi, wina ku Chiradzulu, wina sankadziwa n'komwe kwawo. Kampani inangotiloza kamalo kuseri kwa mabulugamu kuti tiziikako akufa athu, basi. Wokumba, wonyamula, wokhoma bokosi, zimenezo muona nokha. Ndipo belu la ntchito silinkadziwa maliro. Ukajomba kothyola tiyi, kapitawo ankangokudula tsiku.

Ndiye mipingo inayi ya pakompaundipo inakhala pansi n'kupangana. Opemphera Loweruka ankakumba manda akagwa Lamulungu, ife opemphera Lamulungu tinkakumba a Loweruka, mkati mwa sabata ankasinthana. A tchalitchi cha ansembe anali ndi kalipentala, bokosi linkachokera kwa iwo. A mpingo wa ng'oma, ovala mikanjo aja, ankanyamula maliro n'kumaimba njira yonse. Amayi tonse, osafunsana kuti iwe umapemphera kuti, tinkatunga madzi, kuphika nandolo, kusambitsa mitembo ya akazi anzathu. Pa guwa ankanyozana ndithu, uyu akuti Sabata lenileni ndi lathu, uyo akuti ubatizo wowaza si ubatizo. Koma mfuu ya maliro ikangomveka, zonsezo ankazisiya. Ine ndinkanyadira nazo, ndisaname. Ndinkauza abale anga a ku Chinakanaka kuti kwathu kuno maliro n'kulirana kwenikweni, osati kwa pakamwa.

Nyumba za kompaundi zinali zogundana, khoma limodzi mabanja awiri. Kuseri kwa khoma lathu kunkakhala banja la mpingo wachisanu, waung'ono, uja unkakana kugula khadi la chipani. Mwamunayo ankagwira ntchito yodulira tiyi, munthu wosalankhulalankhula. Mkazi wake ndi ine tinkathyola mizere yoyandikana ndipo tinkatchulana achemwali. Ndi iye anandigwira msana pamene ndinkabereka mwana wanga woyamba. Iwo sanali nawo m'pangano la mipingo, nyimbo zathu sankaimba. Koma maliro alionse mwamunayo ankabwera ndi khasu lake, kukumba nawo mpaka kutha, n'kuchoka mapemphero asanayambe.

Zaka zimenezo khadi linkaposa ubatizo. Wopanda khadi mumsika wa Milonde sankalowa, basi sankakwera. Ife tonse tinkagula, ena mpaka kugulira mwana wa m'mimba. Banja lija lokha ndi anzawo ochepa ndi amene ankati ayi, ndipo ine ndinkawauza achemwali aja kuti, "Inu, kapepala chabe aka, gulani mukasunge m'denga." Iwo ankangoseka.

Chaka china m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, anyamata a chipani a malaya ofiira anafika Lachisanu anthu akuweruka. Anamukokera bambo wa banja lija pabwalo la mpira. Sindinena zonse zimene anamuchita. Ndinaona ndi maso angawa, tonse tinaona, ndipo palibe anatsokomola. Anzake a mpingo wake anathawira m'mapiri, ena kuwoloka mtsinje wa Muloza kulowa kwa Apwitikizi tsiku lomwelo. Mkazi wake anamukwakwaza yekha kubwera naye m'nyumba, ndipo m'mawa mwake, Loweruka, ndinamva kulira kuseri kwa khoma.

Dzuwa lisanakwere tcheyamani wa chipani anayenda m'mizere ya nyumba akukuwa kuti, "Amene akumbe manda a galu ameneyu akumbe awiri!"

Akuluakulu a mipingo anakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi chathu. Ine ndinapita ndi ndowa ya madzi akumwa, ndipo nditaiika pansi sindinachoke. Mwamuna wanga anali pomwepo, poti anali mkulu wa mpingo. Tsikulo linali Loweruka, ntchito inali yathu. Koma mkulu wathu wina anati maliro sangaikidwe lero, ku ofesi ya kampani sanauzidwe, ndiye mawa Lamulungu akumba anzathu. Anzathuwo anati lero ndi Sabata, za ntchito sakamba. Kutacha Lamulungu anati munthuyu wafa Loweruka, manda ndi a Loweruka. Kalipentala anati matabwa atha. A ng'oma anati ife ndife onyamula, tikanyamula tikamutula kuti popanda dzenje? Dongosolo lomwe lija tinkanyadira nalo, aliyense analitenga n'kubisalamo.

Mtima unandiwawa, ndipo pakamwa panga sipachedwa. Ndinati, "Inu azibambo, mutu ukakula sulewa nkhonya. Munthu ameneyu anakumbira amayi anu, inu apo. Anakumbira mwana wanu, inu. Lero mukuwerenga masiku ngati ana a sukulu? Manyazi mulibe?"

Palibe anandiyang'ana. Mwamuna wanga anadzuka, nandigwira pamkono, nandinong'oneza kuti, "Mayi, tili ndi ana. Khalani chete." Ndinamukwiyira zaka zambiri, koma sindinganene kuti ankanama. Anthu ankasowa masiku amenewo chifukwa cha zinthu zazing'ono kuposa manda.

Kutentha kwa nyengo imeneyo mukukudziwa. Fungo linayamba kudutsa pamwamba pa khoma, poti khomalo silinkafika kudenga. Ana anga ndinawatumiza kwa anzanga a mzere wina pamodzi ndi ana awiri a achemwali. Ntchentche zinadzaza pa zenera. Mayi uja anakhala yekha ndi mtembo, akuukupiza ndi lichero, wopanda womukhazika, wopanda wolira naye, pa kompaundi ya mipingo inayi. Ine ndinkalowa ndi phala, iye osadya. Kapitawo anabwera ataphimba mphuno ndi chipewa kudzanena kuti a ku ofesi akuti mtembo uchoke m'nyumba ya kampani, ndiponso nyumbayo ikufunika.

Lolemba m'mawa, belu la ntchito litangolira, ndinamva odi pakhomo. Anali mayi uja, maso atalowa m'kati.

"Achemwali, mundibwereke khasu. Lathu anatenga anyamata aja."

"Mukalima kuti?" Ndinafunsa mopusa choncho, kenako ndinamvetsa. Ndinatula dengu la tiyi limene ndinali nditabereka kale, ndinatenga makasu awiri.

Kwathu mkazi sakumba manda. Sayandikira n'komwe pamene adzukulu akukumba. Akuluakulu ankati mkazi akakumba manda wakwirira mimba yake yomwe, ndipo ine panthawiyo ndinkakhulupirira. Ndinali ndi mantha a zimenezo, ndi mantha a tcheyamani. Tikudutsa mzere womaliza wa nyumba ndinamva mapazi kumbuyo. Anali mayi wina wachikulire wa mpingo wa ng'oma, wopanda mano akutsogolo, ndi mkazi wa kalipentala uja. Wachikulireyo anati, "Ine kubereka ndinamaliza kalekale, andiopseza ndi chiyani?" Mkazi wa kalipentala ankangolira.

M'kanjira ka kumanda tinapeza piki itatsamira pa bulugamu. Mpini wake womangidwa ndi waya ndinauzindikira, inali ya opemphera Loweruka. Patsogolo pang'ono panali chingwe cha a ng'oma chitakulungidwa bwinobwino. Pamanda penipeni panali fosholo, ndipo imeneyo sindinachite kufunsa, inali ya m'nyumba mwanga. Zitsulo zinabwera kumaliro, eni ake anapita kothyola tiyi. Sindinadziwe ngati ndithokoze kapena nditukwane.

Abale inu, kukumba manda si kulima. Dothi la kumeneko n'lofiira, lolimba, ndipo mizu ya bulugamu inayala ponseponse. Piki inkatigwetsa. Dothi tinkaunjika m'mphepete mwenimweni, ndiye linkangobwerera m'dzenje. Tinakumba mpaka m'mawondo ndi pamene wachikulire uja anaima n'kufunsa kuti kodi munthuyu tamuyeza? Amuna amayamba adula bango, kukayeza mtembo, kenako n'kulemba pansi. Ife tinangoyamba kukumba ngati dzenje la nthochi. Mkazi wa malemuyo anagona pansi m'mbali mwa dzenjelo, natambasula dzanja kupitirira mutu wake, nati, "Ankandiposa chonchi." Dzenje linali lalifupi. Tinayambanso kugumula kumutu.

Anyamata awiri a malaya ofiira anabwera naima patali, pansi pa mthunzi. Ndinati basi, tatha. Koma iwo ankangoseka, akulozerana, "Taonani adzukulu a mabere!" Kwa iwo chipongwe chimenechi chinakwana, sanafune china. Atatopa kuseka anapita.

Dzuwa litapendeka dzenje linafika m'chifuwa, manja athu ali matuza okhaokha. Tinabwerera kukamutenga malemu. Tinamukulunga m'mphasa imene ankagonapo, n'kumanga ndi luzi, n'kupachika pa mtengo wautali. Awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Anthu anali ataweruka, koma zitseko zonse zinali zotseka, mwana ngakhale mmodzi panja panalibe. Ndinkaona maso m'ming'alu ya mazenera. Palibe anaimba. Wachikulire uja anayamba nyimbo ya kwawo, koma mpweya unamuthera ndi kulemera, inangofera pakhosi.

Pamanda tinayesa kumutsitsa ndi chingwe monga tinkaonera patali amuna akuchitira ndi bokosi. Mphasa si bokosi. Inkapindika pakati, munthu n'kumatsetsereka. Tinaona kuti pafunika wina alowe m'dzenje akamulandire. Ndinayamba kumanga chitenje kuti ndilowe, koma achemwali anandikankha.

"Ndi wanga," anatero.

Anatsikira m'manda a mwamuna wake. Ife atatu tinagwada, kumupatsira pang'onopang'ono, iye namulandira m'mapewa monga ulandirira mwana kumsana kwa mnzako. Anamugoneka bwino, nawongola mutu, navula mpango wake n'kuyala pamene panali nkhope. Kenako anakhala pansi pambali pake, natsamira khoma la dzenje, natambasula miyendo.

Ndinatambasula dzanja. "Tiyeni achemwali, gwirani apa."

"Kwirirani."

"Mukuti chiyani?"

"Ndatopa ine. Kwirirani basi. Tcheyamani anati awiri, si awa takwana?"

Sankalira. Ankalankhula bwinobwino ngati akupempha mchere. Mkazi wa kalipentala anakuwa, nagwira kumutu. Wachikulire anamukalipira mayi wa m'dzenjeyo m'Chilomwe, anamukumbutsa za ana, anamutukwana ndithu, koma iye anangotseka maso. Pamapeto pake ine ndinalumphiramo, kuponda m'mbali kuopa kuponda malemu, ndinamugwira m'chiuno, anzanga akukoka mikono kumwamba. Analimbana nafe ndi mphamvu zimene sindikudziwa anazitenga kuti. Titamutulutsa anafuna kubwereramo, ndiye ndinamugwetsa pansi n'kumukhalira pamiyendo, nditamupanikiza mapewa, anzanga awiriwo akukwirira. Fosholo iliyonse ikagwa pa mphasa, thupi lake linkadzidzimuka pansi panga. Ndinamugwira choncho mpaka dzenje linadzaza.

Tinabwerera ku kompaundi. Palibe anatigwira, palibe anatifunsa, kapitawo anangotidula tsiku. Lamulungu lotsatira mipingo yonse inapemphera monga mwa masiku onse, ndipo maliro otsatira amuna anakumba mosinthana bwinobwino, bokosi labwino, nyimbo njira yonse. Ine ndinapita, ndinaphika, koma pakamwa panga nyimbo sinatuluke.

Achemwali sanadikire zonsezo. Anachoka m'mawa wa tsiku lotsatira maliro a mwamuna wawo, kulowera ku Muloza, kamtolo pamutu, mwana wina kumsana, wina akumukoka dzanja. Ndinawathamangira ndi chinangwa chophika chokulunga m'masamba a nthochi kuti ana adye m'njira. Analandira, napatsa mwana wamkuluyo. Ine ndinkayembekeza kuti atsanzika, mwina anena kuti tidzaonana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, opanda mkwiyo, opanda misozi.

"Mukanandisiya momwemo, achemwali," anatero.

Anakonza kamtolo kawo pamutu, nauyamba ulendo.