Liwiro Lopanda Uthenga

Ku Ntengo-Wambalame ukafunsa za a Baptista, munthu amayamba wacheukira kumsewu asanakuyankhe, ngati kuti mwina atulukira pomwepo. Ndi bambo wamtali, woonda ngati nsungwi, imvi zili mbuu. Amalima kachewere ndi nyemba monga wina aliyense, ndipo tisanamizane, kachewere wawo saposa wa anzawo. Chimene adatchuka nacho ndi miyendo.

Adayamba nkhondo itangotha, anthu akubwerera kuchokera ku Malawi n'kupeza midzi yawo yasanduka thengo. Masiku amenewo kudalibe foni za selula, njinga zidali za anthu owerengeka, milatho idali yothyoka. Maliro akagwa pamafunika munthu woti akauze abale a kuseri kwa mapiri nthawi isanathe. Akuluakulu adayang'ana miyendo ya Baptista, nagwirizana kuti Mulungu sadaitalikitse pachabe.

Ntchitoyo idali ndi malamulo ake. Wonyamula uthenga wa maliro salonjera munthu panjira, ngakhale akumane ndi abusa. Samwa madzi pakhomo pa munthu. Sakhala pansi, uthenga amaunena choimirira n'kutembenuka, chifukwa amati iye akakhala pamphasa imfa nayo imakhala. A Baptista adasunga zonsezi osaphonya. Ndiye anthu adazolowera kuti akawaona akutsika phiri paliwiro, kukamwa kuli tsekee, amayi ankatula mitsuko n'kuyamba kuwerenga abale awo chamumtima. Ana ankathawira m'nyumba. Apa anthu sadawachitire bwino. Munthu mwamutuma nokha, mawa mukumuopa ngati kadzidzi.

Chimene sankadziwa n'chakuti a Baptista ankakukonda kuthamangako, ndipo ankachita nako manyazi. Akadutsa chitunda choyamba, thupi litatentha, uthenga uja unkapepuka m'mutu mwawo n'kutsala mpweya wokha ndi phokoso la mapazi. Mapiri ankabwera okha kudzawachingamira, limodzi likapita lina n'kudzuka. Nthawi zina ankaiwala kumene akupita, n'kumaona ngati iwo aima, dziko ndilo likuyenda pansi pawo. Ankadzidzimuka akaona madenga a mudzi, pamenepo dzina la womwalira n'kubwerera pakamwa ngati mwala.

A Baptista ali ndi mlongo wawo mmodzi, a Felizarda, amene adatengedwa chitengwa kumidzi ya kumalire a Macanga. Pakhomo pa mlongo wawoyo adathamangirapo katatu. Koyamba adakanena za mayi awo. Kachiwiri adakanena za alamu awo, amuna a Felizarda, amene lole ya kachewere idagubuduka nawo. Kachitatu adakanena za Verónica, mwana wamkazi wa a Felizarda, amene ankakhala kwa amalume akewo kuti ayandikire shikola, malungo n'kumutenga asanafike naye kuchipatala. Tsiku limenelo a Felizarda sadalire msanga. Adagwira mtondo, nayankhula motsitsa.

“Achimwene, ndakupemphani, phazi lanu lisadzapondenso pano. Sindikudani ayi. Koma ndikakuonani mtima umandichoka, ndipo ndatsala ndi mwana wanga José yekha.”

Zaka zidapita. Kudabwera maselula, maliro adayamba kuyenda okha m'mwamba, ntchito ya a Baptista idatha popanda wowathokoza. José adakula napita kukagwira ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize. Chaka china a Baptista adati chibale n'fupa, sichiola, nanyamula thumba la mapichesi, nayenda pang'onopang'ono ngati wopita kumsika. Mlongo wawo adangowaona pachitunda n'kugwa pansi chikomokere. Iwo adatula thumbalo panjira nabwerera. Kuyambira pamenepo ankangokumana pamaliro a anthu ena, kugwirana chanza, basi. Chinthu chimenechi chidawawawa a Baptista kuposa bondo lawo lamanzere, ndipo bondolo limawawa ndithu.

Masika a chaka chatha kudabwera nkhani ya maratona. Mwini nkhani adali Ercília, namwino wachitsikana wochokera kumzinda, amene boma lidamutumiza kudzagwira ntchito kuchipatala cha kuderako. Iyeyu ankathamanga m'mawa uliwonse popanda chomuthamangitsa, mpaka anthu adasiya kumufunsa. Adakopa aphunzitsi, apolisi angapo ndi anyamata a mpira kuti achite mpikisano wa mtunda wautali, kuyambira pamsika kukathera pashikola ina ya kumalire a Macanga. A Baptista atamva midzi imene njirayo idzadutse adazindikira kuti mudzi womalizira udali wa a Felizarda.

Adapita kwa namwinoyo kukafunsa kuti othamangawo adzanyamula chiyani. Ercília sadamvetse funsolo, nayankha mwa kumzinda, akuwatcha tiyu, ndiye kuti amalume.

“Nada, tiyu. Palibe chonyamula. Tidzangothamanga.”

Mawu amenewa adawatsata kumunda sabata yonse. Kuthamanga wopanda kanthu m'kamwa, masana, pakati pa anthu! Akusanja mikukwe ya chimanga adayamba kulota ali maso. Ankaona gulu la anthu likutsika chitunda chija, iwo ali pakati, mlongo wawo akuona kuti anthu onsewa sangakhale a maliro amodzi, kenaka n'kuwazindikira iwo, n'kuseka. Mantha adabwera ndi liwiro, adatero mumtima, achokenso ndi liwiro. Kutumiza mawu sadafune, poti mawu ochokera kwa iwo, ngakhale apaselula, adali ndi fungo lomwelo la maliro. Akazi awo adangoti nkhalamba yapenga, nawakumbutsa kuti a Felizarda masiku ano ali ndi tensau, nthenda ya kuthamanga kwa magazi, kudzidzimuka kwina kukhoza kuwagwetsa osadzukanso. A Baptista adamva, koma adalembetsabe.

Tsikulo kudacha ndi nkhungu yoti sungaone ng'ombe ya mnzako. Othamanga sadali ambiri, akadakwana m'mashapa awiri, timabasi tathu tija. Aphunzitsi adabwera ndi masapatilya atsopano, nsapato zothamangira, akudumphadumpha n'kumadzikoka miyendo. A Baptista adabwera ndi nsapato zawo za matayala ndi buluku la kumunda lopinda. Ercília adawayeza magazi, nawamata numeru pachifuwa, nawalangiza kuti makilomita kwarenta i doishi, makumi anayi ndi awiri, si masewera, akatopa adikire mota. Iwo adavomera mwaulemu. Njira imeneyo ankaidziwa ndi mayina a akufa, osati ndi makilomita.

Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo adayambiradi limodzi. Pachitunda choyamba masapatilya aja adayamba kulemera, a Baptista n'kumawadutsa mmodzimmodzi. Thupi lidakumbuka lokha. Mame ankanyowetsa akakolo, maluwa achikasu a m'mbali mwa msewu ankatulukira m'nkhungu n'kumiranso, ndipo penapake kumunsi wina ankamenya nyemba ndi ndodo, kugunda kwake n'kumagwirizana ndi mapazi awo. Adasangalala ngati mwana. Koma thupi lidakumbukanso china chimene sadalitume: kukamwa kudatsekeka, maso adalunjika kutsogolo.

Pamudzi woyamba anthu adali atandanda kumsewu, akuombera m'manja anyamata a mpira amene adali patsogolo. Kenaka m'nkhungu mudatulukira a Baptista, ali chete, osayang'ana munthu. Manja adaleka. Mayi wina wachikulire adagwetsa lichero la nyemba, naika manja kumutu, nayamba kubuma. Anzake awiri adamulandira. Bambo wina adavula chipewa n'kuyamba kuwathamangira pambuyo akufunsa kuti ndani watisiya. Numeru ya pachifuwa palibe adaiona. Adaona miyendo yokha.

A Baptista adaima. Ercília adafika pamota ali kakasi, akufunsa ngati wina wavulala, mpaka bambo wa chipewa uja adamufotokozera. Koma a Baptista maganizo awo adali kale kutsogolo, pakhomo lija. Ngati anthu wamba akutere, nanga mlongo wawo? Adabwerera kwa mayi wa nyembayo, nawerama, nachita chimene sadachitepo chiyambire ali paliwiro.

“Mwadzuka bwanji, amayi? Tandigawireniko madzi.”

Mayiyo adawayang'anitsitsa mmene ankamwera, mpaka dontho lomaliza. Atatsimikiza kuti madzi atsikadi kukhosi, adaseka misozi idakali m'masaya, nawakalipira kuti akadanena, taonani nyemba zamwazika.

Kuchokera pamenepo a Baptista adathamanga akulonjera. Tsono moni wa kwathu si wa pawindo la shapa. Ukati mwadzuka bwanji, mnzako amafuna adziwe za kunyumba, za ana, za chifuwa chija cha akazi ako, ndiponso ngati kachewere wachita bwino chaka chino. Pakhomo lililonse ankapempha madzi kuti anthu aone. Ena, pofuna kuonetsetsa, ankawapatsa thobwa. Mimba idayamba kulira khuchukhuchu. Aphunzitsi aja adawapitirira, apolisi adawapitirira, ngakhale adiretori, akulu a shikola, amene mimba yawo imafika pamalo iwo asanafike, adawapitirira akupepesa.

Nkhungu idayera, dzuwa lidakwera, mapiri adaonekera mpaka kutali, obiriwira kumunsi, otuwa kumwamba. Udzu wa tsekera unkagona n'kudzuka ndi mphepo. Pakati pa midzi, pamene padalibe wolonjera, zakale zinkawabwerera. Pamwala uwu adadutsapo ndi dzina la Mateyu wosula makasu. Pamtsinje uwu adawoloka ndi dzina la mayi awo, madzi akufika m'chiuno. Lero pamwalapo padali mbuzi ikubzikula, pamtsinjepo atsikana akuchapa makapulana, zitenje zawo, nawafunira forsa, kuti alimbe, akuseka. Adamva ngati akuyenda akutula katundu amene adaiwala kuti adasenza. Akufa aja sadawaope. Ankangoona ngati akhala m'mbali mwa njira, nawonso akuonerera maratona.

Atafika pachitunda chomaliza dzuwa lidali litapendeka. Apa ndi pamene adazindikira chimene moni uja wawachita. Gulu lija adalilota, loti abisalemo, lidali litadutsa kalekale. Msewu udali mbee. Adatsala okha, munthu mmodzi wamtali akutsika phiri paliwiro, chimodzimodzi masiku aja. Mantha adawagwira. Adaganiza zobwerera, koma miyendo idali itayamba kale kutsika, ndipo kumunsi, pafupi ndi nkhokwe, munthu adali atadzutsa mutu.

A Felizarda adaimirira, chitsononkho chili m'manja. Adaika dzanja pachifuwa. Kenaka adakhala pansi pang'onopang'ono, padothi, nayamba kumasula mpango wa kumutu.

A Baptista adakuwa moni ali patali, mawu n'kutuluka osasa ngati a tambala wachimfine. Adakuwanso. Adakweza manja onse awiri kuti aoneke kuti alibe kanthu, ngati kuti uthenga umanyamulidwa m'manja. Adalowa pabwalo akulonjerabe, akupuma movutika, naima patsogolo pa mlongo wawo.

“José?” adafunsa a Felizarda, osayang'ana kumwamba.

“José sindinamuone n'komwe, achemwali. Ali kuntchito kwake.”

“Nanga ndani?”

“Palibe.”

“Musandinyengerere, achimwene. Nenani.”

“Palibe, ndithu. Ndangothamanga. Tandipatseniko madzi.”

A Felizarda adayang'ana numeru ya pachifuwa ija, nayang'ana msewu umene anyamata ndi aphunzitsi adadutsa, nayang'ananso nkhope ya mlongo wawo, imene idakalamba iwo osaiona bwino. Adadzuka mogwira nkhokwe, nalowa m'nyumba. Chikho chidabwera, theka la madzi litatayikira panjira. A Baptista adali atamwa mtsinje wathunthu tsiku limenelo, koma adamwa onse, mlongo wawo akuyang'ana pakhosi.

Mota ya Ercília idaima kumsewu. Namwinoyo adaitana kuti tiyu limbikani, kwatsala kaphiri kamodzi kokha, anthu akudikira pashikola. A Felizarda adalowanso m'nyumba, natuluka ndi mphasa, nakaiyala pamthunzi wa mtengo umene a Baptista sadaudziwe pakhomopo. Udali mpichesi, masamba ake atayamba kuyoyoka.

“Thumba lija tidatola,” adatero a Felizarda. “Nthanga ndidataya apa.”

A Baptista adayang'ana msewu. Kaphiriko kadali kakang'ono, akadakakwera ngakhale ndi bondo limodzi. Adakweza dzanja namuuza Ercília kuti apite, asawadikire. Kenaka adavula nsapato za matayala zija, napinda miyendo yawo yaitali movutikira, nakhala pamphasa.

A Felizarda adakhala chakumphepete. Adakoka mwendo wa buluku la mlongo wawo n'kuyamba kuchotsa chisoso chimene chidamatirira m'njira monse, kamodzikamodzi, misozi ikugwera pamanja. Atachotsa chambiri ndithu adafunsa kuti kaya kunyumba mwawasiya bwanji. A Baptista adayamba kuwatchula mayina mmodzimmodzi, kuyambira akazi awo mpaka kamdzukulu kobadwa mwezi watha, onse amoyo.